Kodi Alonda a M'thupi la Mayi Angagulidwe M'botolo?

Pali matenda ena amene dzina lao silitchulidwa pabwalo. Amakambidwa monong'ona ku chitsime, pa mtondo, kapena m'chipinda cha atsikana pa sukulu yogonera komweko nyale zitazimitsidwa. Ena mwa matenda oterewa ndi aja ambiri amawatcha mauka: kuyabwa kwa kumaliseche kwa munthu wamkazi, kumene kawirikawiri kumadza pamodzi ndi chikazi chachilendo ndiponso ululu wotentha pokodza kapena pokhala malo amodzi ndi mwamuna. Madokotala amawerengera kuti mwa amayi 4 alionse, 3 amavutikapo ndi kuyabwa koyambitsidwa ndi yisiti kamodzi kapena kangapo pa moyo wao. Nthenda yofala chotere ikanayenera kudziwika bwino monga chimfine, koma manyazi aiphimba, ndipo pamene pali manyazi amalonda sachedwa kufikapo.

Masiku ano pa lamya za m'manja pamafika uthenga wotsatsa mabotolo a makapisozi otchedwa ma probiotic. Ogulitsa amati m'kapisozi aliyense muli tizirombo tamoyo tabwino mamiliyoni ambirimbiri, ndipo kuti mayi akamamwa kuyabwa kuja sikudzabweranso. Mtsikana amene wangomaliza Folomu 4 ndi kuyamba kulandira kandalama kake, kapena mphunzitsi wamkazi amene watopa ndi kubwerezabwereza ulendo wa ku chipatala, akhoza kukopeka msanga. Mau a ogulitsawa sali bodza lokhalokha ai. Muli choonadi chachikulu m'menemo, koma choonadicho chaikidwa pa nthenda yolakwika. Kuti izi zimveke, nkofunika kuyambira kutali pang'ono.

M'chaka cha 1892, mu mzinda wa Leipzig ku Germany, dokotala wina wa amayi dzina lake Albert Döderlein anali kufufuza za malungo oopsa amene ankapha amayi ambiri atangobereka. Iye ankatenga chikazi cha amayi apakati nachiyang'ana pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Chimene anapeza chinali chodabwitsa pa masiku amenewo, pamene anthu anali atangozolowera kumva kuti kachirombo kalikonse ndi mdani. Mwa amayi athanzi munali modzaza mabakiteriya a mtundu umodzi, ooneka ngati timitengo tifupitifupi, ndipo chikazi chao chinali chowawasa kwambiri. Mwa amayi ena timitengo tija tinali tochepa, m'malo mwake munali chisakanizo cha tizirombo tamitundumitundu, ndipo kuwawasa kuja kunali kutachepa. Kwa zaka zambiri madokotala ankatchula timitengoti ndi dzina la Döderlein yemweyo. Lero amatitcha Lactobacillus, ndiye kuti mabakiteriya a mkaka, popeza ndi abale a tizirombo tija timasasitsa mkaka nkukhala chambiko.

Aliyense amene anasungapo mkaka m'chikho adziwa kuti mkaka wosasa bwino umakhalitsa kuposa wa lero lomwe. Chimene chimausunga ndi asidi amene mabakiteriya amapanga akadya shuga wa mu mkakamo. Tizirombo towoletsa sitikhoza kuswana m'malo owawasa chotero. M'thupi la mkazi mumachitika zofanana. Mtsikana akatha msinkhu, mphamvu ya m'thupi yotchedwa oestrogen imachititsa kuti khungu la m'njira ya chiberekero lizisunga chakudya chofanana ndi sitachi, chotchedwa glycogen. Chakudyachi chikaphwanyika nkukhala shuga, ma Lactobacillus amadya napanga asidi yemwe uja wa mu chambiko. Amene anaphunzira sayansi ku sekondale akumbukira muyeso wa pH, umene madzi abwino amakhala pa 7 ndipo chinthu chikamawawasa nambala imatsika. Njira ya chiberekero ya mayi wathanzi imakhala pakati pa 3.8 ndi 4.5, pafupifupi monga madzi a phwetekere. Magazi ali pa 7.4, umuna uli pamwamba pa 7, ndipo sopo wochapira ali cha pa 9 kapena 10. Nambala zimenezi awerengi azisunge, zidzafunikanso kutsogoloku.

Chochititsa chidwi nchakuti pa zolengedwa zoyamwitsa zimene zapimidwa, munthu yekha ndiye ali ndi alonda ochuluka chotere. Mwa ng'ombe, nkhosa, ngakhale anyani amene, ma Lactobacillus amapezeka ochepa zedi, ndipo njira yao siwawasa monga ya munthu.

Ganizo lakuti munthu akhoza kumeza tizirombo tabwino kuti akhale ndi moyo wathanzi linatchuka ndi katswiri wa ku Russia, Élie Metchnikoff, amene ankagwira ntchito ku Pasteur Institute mu mzinda wa Paris. M'chaka cha 1907 iye analemba kuti alimi a ku Bulgaria amafika pa ukalamba weniweni kaamba ka mkaka wosasa umene amamwa tsiku ndi tsiku. Umboni wake unali wochepa, koma mbiri yake inali yaikulu, pakuti chaka chotsatira analandira mphotho ya Nobel pa ntchito ina yokhudza chitetezo cha thupi, ndipo anthu a ku Ulaya anathamangira mkaka wosasa. Patapita zaka zambiri, mu 2001, akatswiri amene mabungwe a FAO ndi WHO anawasonkhanitsa ku Córdoba m'dziko la Argentina anagwirizana za tanthauzo la liu lakuti probiotic: tizirombo tamoyo timene, tikaperekedwa pa mlingo wokwanira, timapindulitsa thanzi la wolandirayo. M'tanthauzo limeneli muli zinthu zitatu zoti zikwanire: tikhale tamoyo, tikhale tokwanira, ndipo phindu lioneke. Botolo likhoza kunyamula dzinalo osakwaniritsa ngakhale chimodzi.

DZINA LIMODZI, MATENDA ATATU

Vuto lalikulu pa nkhaniyi lili pa dzina. Liu lakuti mauka limaphimba matenda osiyana amene chiyambi chao ndi mankhwala ao nzosiyananso. Pali nthenda ya yisiti, imene chikazi chake chimakhala choyera ndi chogwirana ngati mase a mkaka wosasa, chopanda fungo lamphamvu, koma kuyabwa kwake nkosautsa. Pali ina imene madokotala amaitcha bacterial vaginosis, kapena mwachidule BV, imene chikazi chake nchamadzimadzi, chotuwa, cha fungo ngati la nsomba, ndipo nthawi zambiri siyabwa kwenikweni. Palinso trichomoniasis, yoyambitsidwa ndi kachirombo kosambira kamene kamapatsirana pogonana. Alonda a Döderlein aja sagwira ntchito mofanana pa matenda atatuwa.

Pa BV mpamene mphamvu yao imaonekera poyera, chifukwa nthendayi kwenikweni ndi kusowa kwa alondawo. Ma Lactobacillus akachepa, kuwawasa kumatha, pH imakwera kupitirira 4.5, ndipo mabakiteriya ena amene ankakhala mobisala amaswana nadzaza malo onse. Kale anthu ankaiyesa nthenda ya fungo chabe. Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene anathandiza kusintha maganizo amenewo. Kafukufuku amene Taha Taha wa ku Johns Hopkins University ndi anzake anachita pakati pa amayi apakati ndi oyamwitsa ku Blantyre, nafalitsidwa mu 1998, anaonetsa kuti amayi amene tizirombo tao toteteza tinali titasokonekera ankatenga HIV mosavuta kuposa anzao. Mu 2017 zotsatira zina zinachokera ku Umlazi, pafupi ndi Durban ku South Africa, kumene akatswiri anatsatira atsikana 236 a zaka 18 mpaka 23. Amene m'thupi mwao munali chisakanizo chija anali pa chiopsezo chotenga HIV choposa kanayi poyerekeza ndi amene munali modzaza mtundu wina wotchedwa Lactobacillus crispatus. Nthenda ya BV imakhudzananso ndi kubereka mwana masiku asanakwane. Kotero nkhani ya tizirombo tating'onoti si ya ukhondo wokha. Ikukhudza moyo wa mayi ndi wa mwana.

Dzina lija la crispatus nlofunika kulisunga. Ma Lactobacillus ali m'mitundu yambiri, ndipo m'chaka cha 2011 Jacques Ravel wa ku University of Maryland ndi anzake, atapima amayi 396 ku America, anaonetsa kuti mitundu inayi yokha ndiyo imalamulira m'njira ya chiberekero: crispatus, iners, gasseri ndi jensenii. Mwa inayiyi crispatus ndiye mlonda wodalirika koposa. Mitundu imene imapanga yogati ndi ina. Inazolowera mkaka, osati thupi la mkazi.

Kodi nkotheka kubwezera crispatus m'malo mwake akatha? Gulu lotsogozedwa ndi Craig Cohen wa ku San Francisco linayesa zimenezi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Amayi 228 odwala BV anayamba alandira mankhwala a nthawi zonse a metronidazole. Kenaka ena anapatsidwa crispatus wamoyo woika m'njira ya chiberekero mwenimweni, ena anapatsidwa chinthu chofanana nacho maonekedwe koma chopanda kachirombo kalikonse. Patatha masabata 12, nthenda inali itabwerera mwa amayi 30 mwa 100 alionse a gulu loyamba, ndi mwa amayi 45 mwa 100 alionse a gulu lachiwiri. Phindu linalipo ndithu, ngakhale silinali lozizwitsa. Koma tsono aone bwino wowerenga: anali mtundu umodzi wosankhidwa, woikidwa pa malo ake enieni, mayi atamaliza kale mankhwala a ku chipatala, ndipo unali wa pa kafukufuku, osati wa m'sitolo.

YISITI SAOPA ZOWAWASA

Nthenda ya yisiti ili ndi khalidwe lina. Choyambitsa chake, chimene nthawi zambiri chimakhala Candida albicans, si bakiteriya konse. Ndi mbale wa bowa, wa nkhungu ya pa nsima yogona, ndi wa yisiti wofufumitsira buledi. Amakhala mwakachetechete m'kamwa, m'matumbo ndi m'njira ya chiberekero ya anthu ambiri athanzi osavuta munthu. Ndi yemweyo amene amayala zoyera pa lilime la khanda. Amayamba kusautsa akapeza mpata: mayi akakhala ndi pakati ndipo oestrogen wachuluka, akakhala ndi matenda a shuga osasamalidwa, chitetezo cha m'thupi chikatsika, kapena akamwa maantibayotiki.

Mfundo imene ogulitsa mabotolo sanena ndi iyi: Candida amapirira asidi. Mayi wodwala nthenda ya yisiti akapimidwa, pH yake imapezeka ili pa malo ake abwino, cha pa 4 mpaka 4.5, ndipo kawirikawiri ma Lactobacillus ake amakhala alipo ambiri. Mpanda umene umatsekereza mbuzi sutsekereza khoswe. Nzoona kuti m'mbale za m'nyumba zofufuzira ma Lactobacillus ena aoneka akuchedwetsa kukula kwa yisiti, ndipo pa chifukwa ichi akatswiri sanaleke kuyesa. Koma mbale ya galasi ndi thupi la munthu ndi zinthu ziwiri.

Chiyembekezo chinakula mu 1992, pamene dokotala Eileen Hilton wa ku New York anafalitsa zotsatira zakuti amayi amene ankadya kapu ya yogati wokhala ndi Lactobacillus acidophilus tsiku lililonse kwa miyezi 6 ankadwala yisiti mocheperapo. Nyuzipepala zinalemba zambiri, ndipo mphekesera ya yogati imene ikuyendabe mpaka lero inakulira pamenepo. Chimene sichinkatchulidwa nchakuti mwa amayi 33 amene anayamba kafukufukuyo, 13 okha ndiwo anafika kumapeto. Mphunzitsi aliyense adziwa kuti sangaweruze sukulu yonse poona mapepala a ana 13.

Mayeso okhwima anachitika ku Melbourne m'dziko la Australia, motsogozedwa ndi dokotala Marie Pirotta, ndipo anafalitsidwa mu 2004. Funso linali lomwe lija amayi ambiri amafunsa: kodi womwa maantibayotiki akamalandiranso ma Lactobacillus adzapewa yisiti? Amayi anagawidwa m'magulu mwamaere, ena akumwa tizirombo tabwinoto, ena akuika m'njira, ena zonse ziwiri, ena zongofanizira. Mwa amayi 235 amene zotsatira zao zinawerengedwa, 55 anadwala yisiti, ndipo magulu olandira tizirombo sanapose anzao ngakhale pang'ono. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane chifukwa zinali zitaonekeratu kuti phindu palibe. Mu 2017 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusanthula mayeso a mankhwala, linasonkhanitsa mayeso 10 okhudza amayi 1,656. Linapeza kuti ma probiotic akaperekedwa pamodzi ndi mankhwala enieni a yisiti akhoza kuthandizako pang'ono m'mwezi woyamba, koma phindulo silinaoneke pakapita miyezi ingapo, ndipo linanenetsa kuti umboni wake ngwofooka.

Apa mpamene nkhani ya botolo yaima. Kuwonjezera apo, kapisozi womeza ali ndi ulendo wautali: tizirombo take tiyenera kupulumuka kutentha kwa m'sitolo ndi m'galimoto, kenaka asidi wa m'mimba, kenaka matumbo onse, tisanayandikire kumene tikufunika. M'maiko ambiri zinthu zimenezi zimagulitsidwa monga chakudya choonjezera, motero sizidutsa m'mayeso okhwima amene mankhwala amadutsamo. Chikomekome cha mkuyu, akulu anati, m'kati muli nyerere. Chambiko ndi yogati nzakudya zabwino zomanga thupi, ndipo amene angathe kuzipeza adye ndithu. Koma amene amaika yogati wa shuga kumaliseche akungodyetsa mdani wake.

Chomvetsa chisoni nchakuti pamene ena akufunafuna ndalama zogulira alonda a m'botolo, ambiri akupha alonda amene anawalandira kwaulere. Njira yoyamba ndi makapisozi a maantibayotiki ogula pa golosale kapena pa msika popanda kalata ya dokotala, pofuna kuchiza chimfine chimene mankhwala oterewa sachikhudza nkomwe. Maantibayotiki sasankha; amakantha mabakiteriya oipa ndi abwino omwe, koma yisiti samugwira, ndipo iye amatsala yekha m'munda wolimidwa kale. Mtsikana amene amadabwa kuti bwanji kuyabwa kumamuyamba patangopita masiku ochepa atamwa makapisozi, yankho lake ndi limeneli.

Njira yachiwiri njovuta kuikamba chifukwa imaphunzitsidwa ndi anthu olemekezeka ndiponso ndi mtima wabwino. Atsikana ambiri amalangizidwa ndi anamkungwi, azakhali kapena anzao kuti mkazi waukhondo amatsuka m'kati ndi chala, ndi sopo, ndi kansalu, ndipo ena amaikamo mandimu, mankhwala ophera tizirombo, kapena zitsamba zoumitsa kuti akondweretse amuna ao. Mchitidwe umenewu ukupezeka ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi maiko ena ambiri, ngakhale ku America kumene. Tsopano nambala zija zikumbukike. Sopo wa pH 10 akalowa m'malo a pH 4, alonda amafa, fungo limayamba, ndipo mayi pomva fungolo amatsuka kowirikiza, nalikulitsa vuto limene akufuna kulithetsa. Kafukufuku amene anasonkhanitsa zotsatira za amayi zikwi zambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti kutsuka m'kati ndi sopo kumayendera limodzi ndi BV ndiponso ndi kutenga HIV. Zoumitsa nazo zimasiya timabala ting'onoting'ono tosaoneka. Chikazi choyera kapena chooneka ngati madzi, chopanda fungo loipa ndi chosayabwa, si litsiro ai. Ndiyo njira imene thupi limadzitsukira lokha. Madzi oyera kunja kokha ngokwanira. Za kudula mauka ndi lumo, kumene kumachitikabe m'midzi ina, palibe chabwino choti chinenedwe: lumo silipha yisiti, limangotsegula chilonda pa malo amene chilonda chili choopsa koposa.

Nanga wodwalayo atani? Choyamba ndi kudziwa dzina lenileni la nthenda yake, ndipo apa ngakhale ophunzira amaphonya. Ku America mu 2002 madokotala anapima amayi 95 amene anali atangogula okha mankhwala a yisiti podzikhulupirira kuti akudziwa chimene chikuwavuta. Mmodzi yekha mwa atatu alionse ndiye anali ndi yisiti payekha. Ena anali ndi BV, ena matenda awiri pamodzi, ndipo ena analibe nthenda iliyonse. Safunsa anadya phula. Ku chipatala yisiti amachizidwa ndi mibulu yoika m'njira ya chiberekero monga clotrimazole kapena nystatin, kapena ndi fluconazole womeza kamodzi. Mayi wapakati amapatsidwa zoika, osati fluconazole, ndipo ichi nchifukwa china chosagulira mankhwala mwachimbulimbuli. BV ndi trichomoniasis zimafuna metronidazole, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Flagyl, ndipo iye alibe mphamvu pa yisiti.

Pali amayi ena amene nthendayi imawabwerera katatu, kanayi kapena kuposa pa chaka. Akatswiri anawerengera mu 2018 kuti pa dziko lonse amayi oterewa alipo pafupifupi 138 miliyoni chaka chilichonse. Iwowa ndiwo amasakidwa kwambiri ndi amalonda, pakuti munthu wotopa amagula chilichonse. Chimene akufunika ndi kuyezetsa shuga ndi HIV, popeza yisiti wobwerezabwereza nthawi zina ndi mthenga wa matenda amenewa. Ngati zonse zili bwino, njira ilipo imene inayesedwa. Jack Sobel wa ku Detroit anaonetsa mu 2004 kuti fluconazole womwa kamodzi pa sabata kwa miyezi 6 anateteza amayi pafupifupi 91 mwa 100 alionse pa nthawi imeneyo, pamene mwa osalandira anatetezeka 36 okha. Atasiya mankhwalawo ambiri inawabwerera, koma miyezi 6 ya mtendere si chinthu chaching'ono kwa munthu amene sankagona tulo.

Mau ena apite kwa amuna, kwa makolo ndi kwa amayi oyang'anira atsikana m'sukulu zogonera komweko. Nthenda ya yisiti siwerengedwa m'gulu la matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chindoko. Namwali amene sanadziwepo mwamuna akhoza kuidwala, ndipo mkazi wokhulupirika pa banja akhoza kuidwala chaka ndi chaka. Mwana wa sukulu akadziwa kuti akakadandaula adzafunsidwa dzina la mnyamata, amasankha kukhala chete, ndipo amapita kwa mnzake wa pa bedi loyandikana amene amamupatsa makapisozi otsala kapena kumuuza za mandimu.

Pa matenda ena awiri aja mwamuna ali ndi mbali yake. Trichomoniasis imafuna kuti onse awiri amwe mankhwala, apo ayi adzangobwezerana. Za BV madokotala ankaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti kuchiza mwamuna nkopanda phindu, koma mu 2025, mu mzinda womwe uja wa Melbourne, Catriona Bradshaw ndi anzake anafalitsa zotsatira za mabanja 164 zimene zinagwedeza chiphunzitsocho. Kumene mkazi yekha analandira mankhwala, BV inabwerera mwa amayi 63 mwa 100 alionse pasanathe masabata 12. Kumene mwamuna nayenso anamwa metronidazole ndi kudzola mankhwala kwa masiku 7, inabwerera mwa amayi 35 okha. Pa nthenda ya yisiti, mwamuna salandira mankhwala pokhapokha nayenso akumva kuyabwa.